Mayi ndi mwana amene sauzana zakukhosi

Mwezi uno makalata anayi andipeza pa nkhani imodzi, ya masewero afupiafupi a magawo angapo momwe mayi ndi mwana wake wamwamuna ali ndi nkhani imene onse awiri akuiopa. Ndawadula pang'ono kuti akwane, koma mawu ndi a eni ake.

FUNSO

Mayi mlembi,

Ndili ndi zaka 24 ndipo ndikulemba sewero langa loyamba, loti anthu azionera pa foni. Lili ndi magawo 6, gawo lililonse mphindi 7. Nkhani yake ili motere. Mayi wina wamasiye anagulitsa makina ake osokera kuti alipirire mwana wake ku yunivesite. Mnyamatayo analephera mayeso a chaka chachitatu ndipo anamuchotsa sukulu, koma wabwerera kunyumba n'kunama kuti wamaliza, akungodikira mwambo wolandira digiri. Mayiyo akudziwa kale, chifukwa anapeza kalata ya kusukulu m'thumba la jekete la mwanayo, koma sakunena kanthu. Zoti mayiyo akudziwa ndazibisa mpaka gawo lachisanu, kuti owonera adzadzidzimuke.

Tajambula magawo awiri oyamba. Anzanga amene ndawaonetsa akuti palibe chikuchitika, akungoona anthu awiri atakhala duu ngati akudikira basi. Ndiye m'gawo lachitatu ndalemba kuti akangane, mayi akalipe, mwana amenyetse chitseko. Koma ndikatero, magawo atatu otsalawo ndilibe choikamo. Ndingaonetse bwanji kuti mayi wouma mtima chonchi ndi mwana wake ali pa nkhondo popanda kulalatirana? Nanga pomaliza alankhulane kapena ayi?

Mnyamata wa kamera imodzi

YANKHO

Achimwene, anzanuwo anena zoona, ndipo muwasunge, chifukwa ambiri akanangokuyamikirani kuti musakhumudwe. Koma mankhwala amene mwasankhawo si a matenda amenewa. Chakudwalitsani sewero ndi kalata ija. Mwaibisira owonera, ndiye akamaona mayi atakhala chete sakudziwa kuti kukhala chete kwawoko kwasenza chiyani. Kwa iwo ameneyu ndi mayi wotopa basi.

Ichotseni kalatayo m'gawo lachisanu, muiike m'mphindi yoyamba ya gawo loyamba. Tione mayi akupisa m'matumba a jekete asanalichape, tione akuifunyulula kalata, akuiwerenga mpaka pansi, akuipindanso mmene inalili n'kuibwezera m'thumba lomwelo. Jeketelo asalichape. Alipachikenso pa msomali pomwe linali. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene mayiyu anganene, ngakhale "wadzuka bwanji", chikhala ndi minga, popeza ife tikudziwa zimene mwanayo sakudziwa kuti mayi ake akuzidziwa. Kudzidzimuka kumene mumafuna kuja kumatha m'masekondi 10. Koma munthu amene akudziwa chinsinsi n'kumadikira kuti mwina lero chituluka, ameneyo mwamugwira magawo onse 6, ndipo adzakufunsani kuti gawo lotsatira lituluka liti.

Musanalembe mzere wina, tengani timapepala tiwiri. Pa kena lembani chiganizo chimodzi chimene mwanayo akulephera kutulutsa, pa kenako cha mayi. Chikhale chiganizo chenicheni, choti munthu angachinene ndi pakamwa, osati "akumva chisoni". Cha mwana mwina chingakhale chakuti, "Ndikanena, ndiye kuti makina anu aja anapita pachabe." Cha mayi mwina, "Ndikayamba ndine, udzathawa ndi manyazi ndipo sudzabweranso." Timapepala timeneti sitilowa m'sewero. Muwapatse osewera anu awiriwo, aliyense kake, asaonetsane. Konstantin Stanislavski, katswiri wa zisudzo wa ku Russia amene pamodzi ndi Vladimir Nemirovich-Danchenko anakhazikitsa gulu la zisudzo la Moscow Art Theatre mu 1898, ankaphunzitsa osewera ake kuti pansi pa mawu olembedwa pamayenda mawu ena amene munthu akuganiza koma sakuwatulutsa, ndipo wosewera ayenera kuwadziwa amenewonso. Papita zaka zoposa 100, koma mwa zonse zimene ndinaphunzira pa ntchito imeneyi palibe chimene ndimachigwiritsa ntchito kawirikawiri kuposa chimenechi.

Chachititsa kuti anthu anu akhale duu n'chakuti mwaganiza kuti anthu obisirana salankhula. Amalankhula kwambiri. Amalankhula za china chilichonse chimene chili pafupi, bola chisakhale chijachi, ndipo manja awo sakhala pansi. Tayesani motere:

MAYI (akusita malaya oyera, osadzutsa mutu): Mwambo uja anati ndi liti?
MWANA: Sanalengeze.
MAYI: Oo. (Atembenuza malayawo.) Kolalayi yayamba kuperepeseka. Ndikanaitembenuza.
(Palibe amene akuyang'ana pakona pamene pankakhala makina.)
MWANA: Ndidzavala ena.
MAYI: Ayi, awa ndiwo ndinakugulira za tsikulo.
MWANA: Amayi...
MAYI: Ee?
MWANA: Nsimbiyo yatentha kwambiri, muwotcha.

Werengani mokweza mumve. Palibe watchula mayeso, palibe watchula makina, koma zonse ziwiri zili m'chipindamo. Mayi akati "ndikanaitembenuza" akunena kuti chotembenuzira kolala ndilibe chifukwa cha iwe, ngakhale iwo eni mwina sanafune kuti zimveke choncho. Mwana akati "Amayi" wafika pakhomo penipeni pa choonadi, n'kubwerera. "Ee?" wa mayi uja ndi dzanja lotambasulidwa, ndipo mwanayo walikana. Zonsezi sizikwana mphindi imodzi. Gawo lanu lachiwiri likanakhala ndi kamphindi kamodzi kotereka, anzanu aja sakanatchula za basi.

Chilankhulo chathu chili ndi mpeni wina umene olemba ambiri amauiwala m'thumba. Mayi uyu wakhala akumutchula mwana wake kuti "iwe" chibadwire. Tsiku lina mwanayo akanamanso bodza lalikulu, madzulo ake alowe m'nyumba, mayi amulandire kuti, "Mwabwera? Madzi anu ali apo." Ulemu umenewo umapweteka kuposa mbama, ndipo aliyense wolankhula Chichewa aumva osafotokozeredwa. Muugwiritse ntchito kamodzi kokha m'sewero lonse. Ndipo pamene mayiyo adzabwerere ku "iwe", owonera adzapumira m'mwamba osadziwa chimene chawamasula.

Tsopano kamera yanu imodziyo. Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, zaka zoposa 100 zapitazo anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya wosewera Ivan Mosjoukine, nkhope yosaonetsa kanthu, n'kuchilumikiza ndi zithunzi zosiyanasiyana, china cha mbale ya supu, china cha bokosi la maliro. Owonera anaona maganizo osiyana pa nkhope yomweyo malinga ndi chimene chinali pambali pake. Kwa inu phunziro ndi lakuti musamukakamize mnyamata wanu kukwinya nkhope kuti tione kuti akuvutika. Jambulani nkhope yake ili phee, kenako jambulani pansi pakona paja, pamene miyendo ya makina inasiya zizindikiro zinayi pa simenti. Owonera adzalumikiza okha, ndipo chimene munthu wadzipezera yekha amachikhulupirira kwambiri kuposa chimene wauzidwa.

Popeza sewero lanu ndi la pa foni, ngati mukujambula foni ili choimirira, anthu awiri okhala moyandikana sakwana bwino pa chithunzi chopapatizacho. Musalimbane nacho. Muike mmodzi kutsogolo pafupi ndi kamera, winayo kumbuyo, pakhomo kapena m'khonde. Mayi akusita kutsogolo, mwana waima kumbuyo kwawo: ife tikuona nkhope zonse ziwiri, iwo sakuonana. Nkhani yanu yonse ili m'kaimidwe kameneko. Ndipo wina akamalankhula, kawirikawiri kamera ikhale pa amene akumvetsera, chifukwa bala limaoneka pa wolasidwa.

Mwadandaula kuti magawo otsala mulibe choikamo. Pa kalembedwe ka masiku onse ka mafilimu, tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi, ndiye gawo lanu ndi masamba 7 okha. M'masamba 7 simufunika zochitika zambiri, mufunika chinthu chimodzi chimene chikupangitsa kuti kukhala chete kukhale kodula kuposa dzulo. Mwachitsanzo kubwere mlendo, afunse pamaso pa onse awiri kuti digiri ija ili kuti, mayi n'kumuyankhira mwana kuti akudikira mwambo. Apo ndiye kuti mayi alowa nawo m'bodza, ndipo mwana waona mayi ake akunenera iye zimene iye akudziwa kuti n'zabodza. Gawo lina mnyamatayo apeze kuti kalata ija yapindidwa mosiyana pang'ono ndi mmene ankaipindira. Tsopano akukayikira kuti akudziwa, koma kufunsa ndi kuulula komwe. Mukuona kuti chingwe chikukokeka popanda wina kukweza mawu.

Mkangano wa m'gawo lachitatu uja musautaye. Ingousunthirani kutsogolo, ndipo ukhale wa chinthu china. Akangane za kiyi wa chitseko amene wasowa, akangane koopsa, mopyola msinkhu wa kiyi, mpaka mayi anjenjemere milomo. Tonse tinaonapo anthu akuphulika pa kanthu kakang'ono chifukwa chachikulucho sangachikhudze. Akatha kukangana za kiyi, kalata ija ikadali m'thumba, ndiye kuti simunawononge chuma chanu.

Pali mawu awiri m'kalata mwanu amene andiimitsa: "wouma mtima". Mnyamatayo mwamupatsa zifukwa zonse, manyazi, mantha, chisoni. Mayi mwawapatsa mawu awiri amenewo basi. Munthu amene anagulitsa chida chimene chimamudyetsa, n'kupeza kalata yoti zonse zapita m'madzi, n'kuibwezera m'thumba kuti mwana asachite manyazi, ndi wouma mtima? Ngati inu wolemba mukuwaona choncho, wosewera adzawasewera choncho, ndipo sewero lidzasanduka mlandu womwe woweruza wagamula kale. Ndikupemphani mulembe tsamba limodzi, loti simudzalijambula, la mayiyu ali yekha usiku umene anapeza kalata. Anagona? Anawerengera ndalama zingati m'mutu? Anakumbukira nkhope ya munthu amene ananyamula makina aja? Mukalephera kulemba tsamba limenelo, ndiye kuti simunawadziwe, ndipo mufunse azimayi a msinkhu wawo. Sindikufunsani ngati nkhaniyi ili pafupi ndi kwanu. Ndikungoti ambirife sewero loyamba timalilemba titaima mbali ya mwana, chifukwa ndi mbali yokhayo imene tinakhalapo.

Za mathero, ine ndikuti wina alankhule. Mwasunga anthu magawo 6 akudikira, muli nawo ngongole. Koma chiganizo chimodzi chikwana, ndipo chinthu chiyambe kulankhula munthu asanatsegule pakamwa. Jekete lija lakhala pa msomali osachapidwa kuyambira gawo loyamba. M'gawo lomaliza mnyamata alipeze pabedi pake lochapa, lositidwa, lopindidwa, kalata ili pamwamba. Akatuluka nayo m'manja kupita kumene kuli mayi ake, chimene anganene ndi chanu, ndinu mukumudziwa. Chisapitirire mzere umodzi, ndipo mayi asayankhe ndi ulaliki.

FUNSO

Achemwali,

Ndine mayi wa zaka 52 ndipo ndakhala ndikuchita zisudzo za pabwalo kwa zaka zambiri. Tsopano andipatsa malo a mayi m'sewero lalifupi la pa kanema, mayi amene sagwirizana ndi mkazi amene mwana wake akufuna kukwatira koma sanena. Wotsogolera sewero amangondiuza kuti ndichepetse, ndisaonetse kanthu pankhope. Ndikachepetsa ndimadziona ngati chitsa. Ndikawonjezera akuti ndikusewerera anthu a kumbuyo kwa holo. Pakati pake ndi pati?

Mayi wa zisudzo

YANKHO

Achemwali, nonse awiri mukulondola, kungoti wotsogolera wanuyo akukuuzani choti musiye osakuuzani choti muchite. Pabwalo nkhope yanu imayenera kufika kwa munthu wa pa mzere womaliza. Kamera ili pamphuno panu, ndipo imaona ngakhale kumeza malovu. Koma nkhope yochepetsedwa ndi nkhope yakufa n'zosiyana kwambiri.

M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa maganizo a ana wa ku America, Edward Tronick, ndi anzake anachita kafukufuku amene amatchuka mpaka lero. Mayi amasewera ndi khanda lake monga mwa masiku onse, kenako amauzidwa kuti kwa mphindi zochepa angoliyang'ana ndi nkhope yosasuntha, osamwetulira, osayankha. Khandalo limayamba kuyesa zonse zimene limadziwa: kumwetulira, kutambasula manja, kutulutsa timawu. Zikakanika limavutika, limayang'ana kumbali, ena amalira. Ndakuuzani zimenezi kuti muone kuti nkhope ya mayi yosayankha ndi chida choopsa, mwana amachimva asanadziwe n'kulankhula komwe. Ndiye mukaivala nkhope imeneyo kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza, owonera adzaizolowera, ndipo mudzaoneka chitsa monga mwaneneramo. Isungeni. Idzatuluke kamodzi, pamene mnyamata akutchula tsiku la ukwati, kwa masekondi atatu kapena anayi, n'kubwerera ku zimene mumachita.

Nthawi ina yonseyo mayi wanuyo akhale wotanganidwa ndi kubisa. Munthu wobisa amagwira ntchito yolemetsa: amamwetulira mochedwa pang'ono, amafunsa funso laulemu n'kusamvetsera yankho, amapukuta kapu imene yauma kale. Musamaganize kuti "ndisaonetse". Muziganiza mawu enieni amene mayiyo akuwameza, mzere ndi mzere, pamene mwana akulankhula. Maso amasintha okha munthu akamaganiza chinthu chenicheni, ndipo kamera imagwira zimenezo.

Pokonzekera pemphani mnyamata amene akusewera mwana wanuyo kuti muchite kachigawo kamodzi kawiri. Ulendo woyamba nenani mokweza zonse zobisika, mutulutse zakukhosi mpaka zithe, "mtsikana ameneyu akulanda kwa ine", zonse. Ulendo wachiwiri, osapuma, bwererani ku mawu olembedwa okha. Thupi limakhala likukumbukirabe zimene zangotuluka zija, ndipo "ndi mtsikana wabwino" wanu adzamveka mwina. Ndaona osewera a pabwalo ambiri akuwoloka mtsinje umenewu tsiku limodzi. Zaka zanu za pabwalo si katundu wolemetsa, popeza kumvetsera mnzanu mumadziwa kale, ndipo pa kanema kumvetsera ndiye theka la ntchito.

Chimodzi choti mufunse wolemba wanu: mayiyu akuopa kutaya chiyani kwenikweni? Akakuyankhani kuti "sakumufuna basi", muumirireni mpaka apeze yankho lenileni.

FUNSO

Tikajambula malo amene anthu akhala chete, polumikiza zithunzi pamamveka kaphokoso ka "shiii" kodukaduka, kenako zii ngati foni yazima. Tikuganiza zongothirapo nyimbo. Kodi tichite zimenezo?

Wolumikiza zithunzi

YANKHO

Musathire. Chipinda chilichonse chili ndi mpweya wake umene maikolofoni imamva ngakhale anthu atatseka pakamwa, ndipo mukadula n'kusiya mpata wopanda kanthu khutu limadziwa nthawi yomweyo. Mukatha kujambula pamalo alionse, musanasunthe chilichonse, uzani onse aime pomwe ali osalankhula, mujambule mawu a chipindacho kwa mphindi imodzi ndi maikolofoni yomweyo, ili pamalo omwewo. Polumikiza muyale mawu amenewo pansi pa kachigawo konse, mipata yonse itsekeke. Mukatero mupeza kuti timaphokoso ting'onoting'ono tikugwira ntchito imene mumafuna kuipatsa nyimbo: mpando kukhuluzika, nsimbi kuikidwa pansi, mpweya wa munthu amene anati alankhule n'kusiya. Nyimbo yachisoni imauza owonera zoti amve asanamve okha, ndipo pa nkhani ya anthu obisirana imeneyo ndiyo imaulula chinsinsi msanga.

FUNSO

Mayi mlembi,

Ine si wa zisudzo, ndine woonera chabe. Ndinaonera sewero lina lalifupi la mayi ndi mwana wake wamwamuna amene anali ndi nkhani pakati pawo. Ndinadikira mpaka gawo lomaliza kuti akhale pansi akambirane, koma linatha mwana akukwera galimoto, mayi ataima pakhomo, osanena kanthu. Ndinakhumudwa masiku angapo. Olemba oterewa akufuna ana athu aphunzirepo chiyani? Ine mwana wanga wa zaka 30 amandiimbira foni Lamulungu lililonse, timangofunsana za moyo ndi za mvula, mphindi zitatu tatha. Pali nkhani imene tinasiya zaka zinayi zapitazo. Sindinafune kuti sewero lindikumbutse zimenezo n'kundisiya pomwepo.

Mayi woonera

YANKHO

Amayi, mwayamba ndi funso la sewero, koma nkhani yanu ili m'mizere yomalizayo, ndiye ndiyankha zonse ziwiri.

Olemba ena amasiya mathero otseguka chifukwa cha ulesi, sanadziwe chochita ndi anthu awo. Ena amatero dala, podziwa kuti m'nyumba zambiri zimathadi choncho, ndipo amafuna kuti kuwawa kumene mwamvako mutuluke nako m'sewero mupite nako kwanu. Sewero lanulo sindinalione, koma ngati linakugwirani masiku angapo, ndikukhulupirira kuti wolembayo ankadziwa chimene akuchita. Mnyamata wa kalata yoyamba uja ndamuuza kuti anthu ake alankhule, chifukwa ine ndimakonda choncho. Si lamulo.

Ine ndinakhalapo mayi woima pakhomo uja. Mwana wanga anasiya ntchito imene ndinamuthamangira miyezi yambiri kuti aipeze, osandiuza. Ndinamva kwa munthu wina. M'mawa uliwonse ankavala n'kutuluka ngati akupita kuntchito, ine n'kumufunira ulendo wabwino. Tinakhala choncho miyezi 8. Anthu amene ankadziwa ankaganiza kuti ndakwiya, ndikumulanga ndi chinunu. Ndinali ndi mantha. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa patuluka mawu amene sindidzatha kuwabweza, ndipo ndinkadziuza kuti ndikumupatsa mpata woti anene yekha. Lero ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti miyezi 8 inali yambiri, ndipo amene akanatha kuifupikitsa mosavuta ndinali ine, chifukwa manyazi anali ake, ine ndinalibe.

Zinatha madzulo ena babu la m'khonde litapsa. Anakwera pampando kuti alisinthe, ine n'kugwira mpandowo. Ali m'mwambamo, atandifulatira, manja ali kudenga, anati, "Amayi, ntchito ija ndinasiya." Ndinati, "Ndikudziwa. Samala ungagwe." Zokambirana zenizeni zinabwera pambuyo, pang'onopang'ono, kwa masabata angapo, ndipo zina zinali zowawa. Koma chitseko chinatseguka pamene sitinkayang'anana, manja athu tonse ali ndi chogwira.

N'chifukwa chake sindikuuzani kuti mumukhazike pansi mwana wanu, muyang'anane maso ndi maso, mukambe zonse za zaka zinayi tsiku limodzi. Zimenezo zimaopsa ngakhale munthu wofuna kulankhula. Mwana amene amaimba Lamulungu lililonse kwa zaka zinayi osadumpha sanakutayeni, ndipo mwina nayenso mphindi zitatuzo zimamutsamwa. Pa foni simuonana nkhope, ndipo pamenepo mpovuta pang'ono kuchita manyazi. Lamulungu likubwerali, mukatha za mvula, asanatsanzike, mungomuuza kuti nkhani ija mumaiganizirabe, kuti simukumuimba mlandu, ndipo tsiku limene angafune kuikamba mudzamvetsera. Mukatero musadzaze mpatawo ndi mawu ena. Akakhala chete, khalani naye pa foniyo. Akasintha nkhani, msiyeni, wamva. Ndipo ngati pa nkhaniyo pali mbali imene inu munalakwa, yambani ndi imeneyo.

Mudzandilembere mmene zidzayendere. Kalatayo sindidzaisindikiza mukapanda kufuna.